Walira mvula walira matope, ngakhale pa babatoni

Makolo athu anati walira mvula walira matope. Mwambiwu anaupangira alimi, koma masiku ano amene ukuwayenera kwambiri ndi okonda nyimbo, makamaka aja amaweruza milandu ya oimba pa Msika wa Tsoka popanda wowalemba ntchito.

Bwalo lawo limakumana masana, makasitomala akachepa, pakati pa milu ya kaunjika ndi nsapato zolendewera pazingwe. Woweruza wamkulu amakhala aliyense amene sipika yake ili ndi moto tsikulo. Milandu imabwera n'kupita, koma umodzi wakana kutha: wa Madalitso Band.

Amene wakhalitsa mu Lilongwe amawadziwa anthu awiriwa, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni. Kwa zaka zambiri ankachoka ku Mtandire wapansi kudzaimba m'misewu ya m'tauni. Yosefe amakhwatcha gitala ya zingwe zinayi, chidendene chake chikugunda ng'oma nthawi yomweyo. Yobu amaimba babatoni yopanga yekha: chikopa cha ng'ombe, mtengo wautali kuposa mwini wake, chingwe chimodzi chokha, ndi botolo lotsetsereka pachingwepo. Anthu awiri, koma phokoso la anthu asanu ndi mmodzi.

Masiku amenewo tonse tinali olira mvula. Tinkaima, kumvera nyimbo zitatu, kupukusa mutu n'kunena kuti, "Anyamata awa akanangopeza wowathandiza, akanafika patali." Tikatero tinkasisita m'thumba mwaulemu, ngati tikufuna ndalama, kenako n'kukumbukira kuti minibasi ikutisiya. Pemphero lathu linali laulere, ndiye tinkalipereka mowolowa manja.

Mvula ija inagwadi. M'chaka cha 2017 anakaimba ku chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar, kenako zitseko za ku Ulaya zinatseguka. Kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva inatulutsa chimbale chawo cha Wasalala mu 2019, ndi Musakayike mu 2022. Mpaka apa bwalo la pa Tsoka linali kuwomba m'manja, ndipo aliyense anayamba kukumbukira kuti iye ndiye anali woyamba kuwaona. Matope anabwera mu 2025, ndi chimbale cha Ma Gitala, m'mene anthu awiri aja anakhazikika mu situdiyo n'kulola mawu ena ndi zoimbira zina kulowa m'nyimbo zawo.

"Amwene, atiwonongera bandi yathu," amatero mkulu wina wogulitsa majinzi, amene pankhaniyi ndiye wodandaula wamkulu. "Kale ukamva babatoni umamva fumbi la kwathu. Pano azungu awaphunzitsa zoyeretsa."

Akunena izi atavala jekete lolembedwa dzina la koleji ya ku Canada, atakhalira belo limene laoloka nyanja ziwiri kuti lidzamupeze m'mphepete mwa mtsinje wa Lilongwe. Chipewa n'cha timu ya ku England, foni ya ku China. M'thupi lake lonse chachikhalidwe chathu ndi nsima ya dzulo yokha, koma woimba yekhayo ndiye asasinthe.

Mayi wina wogulitsa makatani, amene sataya mawu pachabe, anamufunsa tsiku lina: "Kodi achimwene, pa zimbale zakalezo, inu munagula chiti?"

"Ndinabenetsa pa memori khadi," anayankha mkuluyo, osaona vuto lililonse.

Ndiye kuti mwini wa "bandi yathu" ndalama yake yonse inathera kwa mnyamata wa kompyuta. Mwana sanamudyetse, koma akufuna kumusankhira mkazi.

Mlandu wotere si woyamba. Agogo athu a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, anaimba Linny Hoo kwa zaka zambirimbiri ndi gitala yawo youma, dziko lonse likuwakonda ndi pakamwa. Mu 2020 Patience Namadingo anakhala nawo pansi n'kuika nyimbo zawo pa kugunda kwa reggae. Achinyamata amene sanawaonepo anayamba kuvina, nyimbo ija inafalikira pa TikTok mpaka kumaiko kumene sadziwa kuti Chiradzulu ndi phiri kapena ndiwo. Olira matope anadzuka pompo: agogo awaveka zachinyamata, nyimbo yataya mchere. Koma pa zaka zonse zimene mchere unali wokwanira, odandaulawo sanakwerepo basi kukawagulira agogowo ngakhale shuga.

Tikabwerera m'mbuyo kwenikweni, nyimbo "zathu zenizeni" zimene tikuzitetezazi nazonso zinafika ndi mvula ina. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, amene lero timawatchula ndi ulemu wonse, kwela yawo ya chitoliro anaitola ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, ndipo kwelayo inali yochokera ku Joni. Gerhard Kubik wa ku Vienna atakumana nawo mu 1967 n'kuyamba kuwajambula, anali kujambula anyamata amene anatenga zachilendo n'kuziphika mwa kwawo. Ndikhulupirira kuti nthawi imeneyonso kunali madala ena pansi pa mtengo akung'ung'udza kuti ana asiya ng'oma za makolo. Banjo ya Allan Namoko wa ku Thyolo, imene ukaimva misozi imalengeza, siinamere m'munda wa tiyi. Matope a agogo athu anauma, ife n'kuwatcha chikhalidwe.

Pali gulu lina la olira matope limene pa Tsoka silifika, pokhapokha likafuna suti yotchipa mobisa. Awa ndi a ku Area 10 ndi Area 43, aja ankakweza magalasi a galimoto oimba am'misewu akayandikira. Atamva kuti ku Ulaya anthu akulipira kuti aone babatoni, nawonso anazindikira mwadzidzidzi kuti ndi chuma cha dziko. Iwowa madandaulo awo ndi aulemu, amawanena atagwira tambula pa kapinga wothirira: nyimbo zija zinali zokoma pamene zinali zosakonza. Kutanthauzira kwake n'koti woimba azikhalabe ndi zingwe zinayi, nsapato imodzi yong'ambika ndi njala pang'ono, chifukwa njala ya mnzako imamveka bwino m'sipika. Mwini wake akasintha galimoto, amati n'chitukuko. Yobu akawonjezera mawu a munthu wachitatu, akuti wagulitsa mzimu.

Komabe tisawaseke onse mofanana. Mkulu wa majinzi uja ali ndi pake podandaula, kungoti sadziwa kupatchula. Nyimbo imene unaimva uli ndi tsitsi lonse, ukuoloka timilatho tamatabwa tija topita ku msika wa Lizulu, m'thumba muli ndalama yolipirira mlatho yokha, imasunga zaka zako zimenezo. Woimba akaisintha, umamva ngati wina walowa m'nyumba mwako n'kusuntha mipando iwe kulibe. Ndipo matope ena amakhaladi matope. Tonse tinaona zimene kiyibodi inachita ku nyimbo zambiri za kuno, pamene batani limodzi linachotsa ntchito woimba ng'oma, woimba besi ndi msuweni wawo wa maseche, nyimbo za ukwati, za maliro ndi za kampeni n'kuyamba kugunda mofanana. Mantha oti babatoni ingathere komweko si amisala. Kungoti pa Ma Gitala babatoni ilipo, ikulira monga mwa kale, yangopeza anzake.

Mayi wa makatani uja ali ndi njira yake yoweruzira, yosafuna mbiri ya Kachamba kapena ya Geneva. Amati nyimbo imaweruzidwa ndi chiuno, pakamwa ndi mboni yabodza. Tsiku lina anatenga sipika n'kuika nyimbo ya m'chimbale chatsopanocho osanena kanthu. Wodandaula wamkulu anapitiriza kufotokoza m'mene zinthu zaonongekera, chala chili m'mwamba, nkhope yokwinya. Pansi pa tebulo phazi lake lamanja linali litayamba kale ntchito, likugunda ndendende pamene chidendene cha Yosefe chikugunda.

"Achimwene, nanga phazilo?"

Mkuluyo analiyang'ana phazi lija mwaukali.

"Ili musaliwerengere, mayi. Nsapatoyi ndi yakunja."