Mlimi wa maselo a kambewa

Kwathu ku Dedza inamveka mbiri yakuti ndikuphunzira udokotala ku Ireland, ndipo ine sindinaitsutse. Chimene ndikuphunziradi ndi kuweta maselo opangira mankhwala. Amatchedwa CHO, ndipo anachokera m'thumba la mazira la hamster wa ku China, kanyama koti anyamata akwathu atakapeza m'munda angakafukule ndi khasu n'kukatunga pakamtengo ngati mbewa. Ndiwauze bwanji amayi zimenezi, atagulitsa mbuzi zawo kuti ndikwere ndege?

Komatu kanyamako si kamasewera. Theodore Puck anatenga maselo ake mu 1957 ku Colorado, ndipo mpaka lero akuberekana. Ndi amene amapanga alteplase, mankhwala osungunula magazi oundana amene anavomerezedwa ku America mu 1987, komanso trastuzumab wa khansa ya m'mawere. Makampani amawaweta m'matanki a malita 10,000 kapena kuposa. Ine anandipatsa kabotolo kokwana m'dzanja, ndipo nako kamandisowetsa tulo.

Maselowa ndi a matama. Amafuna kutentha kwa madigiri 37, mpweya wa CO2 wokwana 5 peresenti, ndi chakudya chatsopano pakapita masiku atatu kapena anayi. Kuti achuluke kawiri amatenga pafupifupi tsiku lathunthu, pamene bakiteriya wina amatero m'mphindi 20. Ndiye kachilombo kamodzi kakangogwera m'botolo madzulo, mmawa umapeza madzi aja anali ofiirira asanduka achikasu ndi amatope, ntchito ya mwezi yapita. N'chifukwa chake amatiphunzitsa kupopera mowa wa 70 peresenti pa chilichonse, kusadutsitsa mkono pamwamba pa botolo lotsegula, kusayankhula pogwira ntchito, ndi kulemba tsiku ndi dzina pa chilichonse chimene wakhudza. Lamulo lalikulu m'mafakitale a mankhwala n'lakuti chimene sichinalembedwe sichinachitike.

Tsono mwambo wonsewu ndinabwera nawo kunyumba, popanda wondituma.

Ndinayamba ndi kupopera tebulo tisanadye, mpaka nsima kumanunkha kuchipatala. Ndinaletsa kucheza poto akavundukulidwa. Mwana wathu akafuna kutapa shuga ndimamuuza kuti supuni ilowere m'mbali, dzanja lisadutse pamwamba pa chitini, iye n'kumandiyang'ana ndi chisoni. Tsiku lina ndinaima kumbuyo kwa mayi akunyumba akuthyakula nsima, n'kuwalangiza kuti chivundikiro asachiike pansi chagada. Anatembenuka ndi mthiko m'manja.

"Bambo a Tadala, ndinayamba kuphika inu musanaione ndege. Munamva kuti wina wafa?"

Sindinamve. Koma sindinasiye. Ndinagula tepi ndi cholembera chosafufutika, ndipo kontena iliyonse yolowa m'firiji ndinkaimata chizindikiro: za m'katimo, tsiku, ndi zilembo za dzina langa. Lamlungu anzanga akamapita kutchalitchi, ine ndimayamba ndakaona ngati maselo adya. Ndimadziwa kuti abadwa kangati chiwatulutsireni mu nayitirojeni wozizira madigiri 196 pansi pa ziro, koma nambala ya nsapato ya Tadala ndimachita kufunsa.

Mwezi watha mayi akunyumba ankatsuka firiji. Kuseri kwa mabotolo a mkaka anatulutsa kontena ya nyemba. Chivundikiro chinali chitatukumuka, ndipo m'katimo munamera nkhungu ya mitundu itatu: yoyera, yobiriwira ndi ina yakuda imene sindinaionepo ngakhale m'buku. Kunena zoona, zinali zamoyo zathanzi kuposa zonse zimene ndawetapo ku Ireland.

Ndinayamba kufotokoza kuti m'nyumba muno tilimo atatu, ndipo aliyense amatsegula firiji. Iwo sananene kanthu. Anangotembenuza kontenayo kuti ndione tepi: nyemba, tsiku la miyezi iwiri yapitayo, ndi zilembo zanga zolembedwa mwaluso.

"Musavutike, adokotala," anatero. "Munasaina nokha."