Drone ya papepala

Kumunsi kwa Chambe, chakufupi ndi Likhubula, kuli mnyamata wina amene akupanga drone. Kunena zoona, pakadali pano akupanga zojambula za drone. Chimango chake chikusinthabe. Dzulo mikono inali yaitali moti ikanamagwedera, lero waifupikitsa, ndiye mapiko ozungulira aja akumenyana okhaokha. Akasunthira batire kutsogolo pang'ono, chinthucho chikuwerama ngati mkamwini pamaso pa apongozi.

Musamuseke. Kufufuta ndi labala n'kotchipa kusiyana ndi kutolera zidutswa za mota m'munda wa tiyi. Mu 2017 ophunzira a ku Malawi anamanga drone yotchedwa EcoSoar, yokonzedwa ku Virginia Tech, ndi zipangizo zotchipa, ndipo inauluka makilomita 19 ku Kasungu. Komatu Kasungu ndi dera lathyathyathya. Kuno chiperoni chikamatsika m'phiri sichifunsa kuti mwajambula kangati.

Amalume ake anamulangiza kuti asemere mkungudza, poti ndi wopepuka. Malangizo abwino ndithu, kungoti a zankhalango angafike pakhomo drone isananyamuke n'komwe. Panopa mnyamatayu akuyeza kulemera kwa nsungwi pa sikelo ya amayi ake yogulitsira nyemba.