Nthabwala za ku Mlowe: Mwana Ngwanga, Bola Pakhale Ng'ombe

Ku Mlowe, m'mbali mwa nyanja m'boma la Rumphi, makolo ambiri ufulu wawo pa ana amaudziwa pamtima. Koma mukangotchula udindo, ena makutu amayamba kuwavuta. Nazi zina zimene asodzi amasekererana akamasoka maukonde pamchenga.

Wavomera yekha

Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limati kholo lililonse lipereke chisamaliro kwa mwana wake, kaya banja lilipo, linatha, kapena silinakhaleko n'komwe. Mayi wina anakasuma kukhoti kuti bambo wa mtsikana wake sagula ngakhale sopo.

"Bwana, mwana ameneyu sindimudziwa," anatero bamboyo. "Taonani mphuno, kwathu kulibe yotere."

"Chabwino," anayankha majisitireti. "Ndiye kuti akadzakula n'kukwatiwa, malowolo onse adzalandira ndi atsibweni ake."

Bambo uja anadzambatuka. "Ng'ombe za mwana wanga zipite kuchikazi? Ine ndili moyo?"

Majisitireti anatembenukira kwa kalaliki: "Lembani kuti mphuno yafanana."

Masamu a panyanja

Fizi ya kupulayimale inachotsedwa mu 1994, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 limati mwana aliyense azipita kusukulu ya pulayimale, afune asafune. Lamulo la ntchito la 2000 nalonso limaletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14. Koma usipa ukagwa, m'makalasi mumatsala mabenchi okha. Ahedi ena anatsikira kudoko kukafuna mnyamata wa Sitandade 4.

"Aphunzitsi, musadandaule," anatero bambo ake. "Masamu akuphunzira konkuno. Ndiye amawerenga zidebe za usipa."

"Dzulo munagulitsa zingati?"

"Khumi. Koma venda wa ku Mzuzu analipira zisanu ndi ziwiri."

"Nanga katswiri wanu wa masamuyo anali kuti?"

Bambo anakanda m'mutu. "Ndi iyeyu anawerengera."

Zaka zobwereka

Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu February 2017 aphungu anasintha malamulo oyendetsera dziko kuti atseke mpata umene unkalola makolo kuvomereza ukwati wa mwana wa zaka 15. Bambo wina atalandira kale ng'ombe anaitanidwa kubwalo la mfumu.

"Mwana wanu ali ndi zaka zingati?"

"Zakwana 18, mfumu."

"Chiphaso chake chobadwira chikuti 15."

"N'zoona, zimenezo ndi zake. Zitatu zinazo wabwereka kwa mkulu wake, sakuzigwiritsa ntchito."

Mfumu inagwedeza mutu. "Zakazo abweze kwa mwini wake, ng'ombe mubweze kwa eni ake, mwana abwerere kusukulu Lolemba. Mbuzi ya chindapusa yokha ndiyo siyobwereka, ikhale yanu ndithu."

Zochokera ku Joni

Kamnyamata kanamva foni ya mayi ake ikulira ndipo kanathamanga.

"Amama, adada atumiza chiyani ku Johannesburg?"

"Chithunzi china pa WhatsApp. Ataima pambali pa galimoto yofiira."

"Nanga ndalama ya yunifolomu?"

"Akuti netiweki ikuvuta."

Kamwana kanaganiza pang'ono. "Netiweki ya adada njodabwitsa. Galimoto yonse ikudutsa, koma K5,000 ikukanika."

Magazi a injini

Malinga ndi lamulo la 2011, kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, ndipo lamuloli limaika mkazi ndi ana a malemu patsogolo, kuphatikizapo ana obadwa kunja kwa banja. Msodzi wina atamwalira, mng'ono wake amene anali asanaonekeko zaka zambiri anatsika basi pa Chiweta n'kufika akulira mokweza kuposa namfedwa. Maliro ataikidwa, misozi inaphwa.

"Mwa mwambo wathu, za akulu anga n'zakuchimuna. Nditenga bwato, injini ndi chilimira."

"Mwalankhula bwino," anatero agogo ena. "Malemu asiyanso ana asanu, awiri ali kusekondale, komanso ngongole kubanki m'khonde. Muyambira ziti?"

"Anawo, agogo, atengera kwa mayi awo. Ine magazi anga akugwirizana ndi injini."

Wapolisi wa m'mudzi amene anali chapafupi anatsokomola. "Kaneneni zomwezo ku Victim Support Unit. Kumeneko magazi a mtundu umenewo amawayeza ulere."

Ufulu wa mbale

Ana nawonso asaseke kwambiri. Lamulo lomwe lija la 2010 limawapatsa udindo wolemekeza makolo awo ndi kuthandiza pabanja. Mtsikana wina atamva za ufulu wa ana kusukulu anafika kunyumba ali nganganga.

"Amama, kuyambira lero sinditsuka mbale. Ndi nkhanza. Koma chakudya mundipatse, ndi ufulu wanga."

Mayi sanakangane naye. Madzulo anaphika kondowole ndi usipa wauwisi, n'kumupakulira m'mbale imene anadyera masana, minga ili momwemo.

"Amama, mbaleyi njakuda!"

"Idya, mwanangu. Aboma anandilamula kuti ndikudyetse. Za mbale anasiyira iwe."