Boti lothamanga kapena boti lonyamula?

Atsibweni anga ku Monkey Bay akufuna kugula boti la injini, ndipo apeza awiri. Lina ndi la faiba, lopepuka, la injini ya Yamaha 40. Linalo ndi lamatabwa, lotakata, longa aja amakhoma ku Mpwepwe, injini yake ya 15. Aliyense amene amufunsa akuti, "Tengani la 40, limathamanga."

Koma tikuthamangira kuti? Pakhomo pathu boti likufunika popita ku Chembe kukaona abale, ponyamula matumba a chimanga ndi usipa wouma, komanso potengera wodwala kuchipatala usiku. Pa zitatuzi, chofuna liwiro n'chimodzi chokha, ngakhale kuti chimodzicho n'chachikulu, pakuti matenda a mayi woyembekezera sadikira kuti kuche. Kodi usiku umodzi wotero ndi wokwanira kusankhira boti la masiku onse? Funso limeneli likundivutadi.

Nanga mafuta? Injini zonse ziwiri ndi zija zosakaniza petulo ndi oyilo. Ya 40 ukaitsegula yonse imamwa malita pafupifupi 20 pa ola, pamene ya 15 imamwa 7 kapena 8. Petulo akasowa, magalimoto n'kugona pamizere, chigubu chimodzi chidzatifikitsa pati?

Chimene chimandidabwitsa kwambiri ndi kayesedwe kake. Ogulitsa amakukweza m'mawa, nyanja ili bata, muli anthu awiri opanda katundu. Nyanja yake ndi yomweyi imene imawinduka ndi mwera kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Bwanji osayesa masana mphepo itauka, titakweramo ife tonse, agogo, ana ndi matumba omwe? Boti likalemedwa, m'mphepete mwake mumatsala pamwamba pa madzi kutalika bwanji? Funde likamenya cham'mbali, ndi liti limene limamwa madzi msanga? Wogulitsa akatchula chiwerengero cha anthu okwera, wawerengera ndi chimanga chomwe kapena mipando yokha?

Thabwa likawola, mmisiri wa padooko amalichotsa, n'kukhoma lina, n'kumata phula. Faiba siiwola, zimenezo n'zoona, koma ikang'ambika pamwala amamata ndani, ndipo zomatira zake zimapezeka ku Mangochi kapena mpaka ku Blantyre? Injini ya 15 siifika makilogalamu 40. Mnyamata mmodzi amaisenza paphewa kukaisunga m'nyumba, akuba asaione. Ya 40 imapitirira makilogalamu 70. Aziinyamula ndani madzulo aliwonse?

Ndinafunsanso za majekete oyandamitsa munthu m'madzi. Pa mitengo yonse iwiri palibe amene anawatchula. "Atsibweni," ndinatero, "ana aang'onowa sadziwa kusambira. Tikagula la 40, ndalama ya majekete awo itsala?" Anakhala chete kanthawi, kenaka anati akafunse mtengo wake mawa, asanapereke ndalama kwa aliyense.