Pusi Anagwa Chagada, Nanga Zipatso Anatola Ndani?

Makolo athu akale, amene nzeru zawo sitingaziyese ndi muyeso wa masiku ano, anatisiyira mwambi wakuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndipo ngakhale ndiulemekeza mwambiwu monga ndilemekeza imvi za iwo amene anaupeka, ndili nako kadandaulo mumtima, pakuti ndiona ngati akuluakuluwo anaudula mlandu pakati, nabalalika pabwalo mboni zisanathe kulankhula. Anatiuza kuti pusi anagwa, natiuzanso magwedwe ake, koma sanatchule amene anamtuma kukwera mtengowo, ndiponso anakhala chete pa nkhani yoposa zonse, ndiyo yakuti zipatso zimene zinamwazika pansi tsiku limenelo anatola ndani. Yankho la mafunso awiriwa lili m'nyumba zogonamo ana a koleji, ndipo munthu wokhala kuno ku Mwami, kumene sukulu ya anamwino imalandira ana atsopano pafupi ndi chipatala chimene a mpingo wa Seventh-day Adventist anayamba mu 1927, sayenera kuyenda mtunda wautali kuti akalione ndi maso.

Nkhani imayamba ndi kalata yoitana mwana, kaya ku Mwami kuno, kaya ku koleji ya aphunzitsi ku Chipata. Ndipo pamodzi ndi kalatayo pamabwera mndandanda wa zinthu zoyenera kutenga, umene anaulemba anthu odziwa kukula kwa chipinda: chofunda, nsalu zoyala pabedi, neti ya udzudzu, ndowa, mbale, kapu ndi supuni. Zonsezi zingathe kulowa m'chikwama chimodzi, malo n'kutsalako. Mwana mwini wake akadakhutira nazo, pakuti mtima wake uli pa foni, pa chaja, ndi pa nsapato zija anaziona ku Down Shops. Koma kwathu kuno mwana sakonzekera ulendo yekha. Mbiri ikangomveka kuti wasankhidwa, abale amayamba kufika mmodzimmodzi, yense atafumbata kanthu, ndipo madzulo a tsiku lomaliza pakhonde pamakhala bwalo lalikulu loposa la chinkhoswe.

Amake ndiwo amayamba, modekha, ndi ufa woyera m'kathumba, nsawa za Chalimbana debe lathunthu, nyemba, chiponde m'botolo, ndi zikwatu za mfutso, ponena kuti ndiwo za kusukulu n'zamadzi. Azakhali, amene sanaponde m'koleji chibadwire koma adziwa bwino lomwe kuti kumeneko anthu amafa ndi njala, amaonjezapo mapoto awiri, mthiko, chipande, beseni, nsimbi yositira, ndi mbaula. Atsibweni amatulutsa bokosi lachitsulo limene anapita nalo ku migodi ya ku Kitwe ali mnyamata, lolemera lopanda kanthu kuposa mwana amene adzalinyamule, nalipukuta fumbi ndi ulemu wonse, nalongosola mbiri ya chibowo chilichonse chili pamenepo. Pomalizira pake ambuya amabwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, namasula mfundo ya chitenje, natulutsa mbewa zowamba zomangidwa bwino papani, nati, "Mdzukulu wanga, ukakasowa mtima kumeneko, uzikaluma kamodzi, ukumbuke kwanu."

Tsono mwanayo ayese kunena kuti, "Azakhali, mbaula siili pamndandanda." Pamenepo pakhonde pamagwa bata, ndipo azakhaliwo amayang'ana amake mwana, osati mwanayo, nafunsa ndi mawu ozizira kuti, "Kodi wayamba kale kutinyoza, yunifomu asanaivale n'komwe?" Palibe mwana woleredwa bwino amene angapirire funso lotere. Amagwada, nalandira mbaulayo ndi manja awiri, nathokoza. M'menemo ndimo ndapeza yankho la funso langa loyamba, ndipo ndinena mosaopa kuti pusi uja tamunamizira zaka zambirimbiri: mawu akuti ichi chakoma ichi chakoma sanatuluke m'kamwa mwake iye, anali kufuula ndi abale ake ali pansi pa mtengo, iye n'kumangothyola chifukwa cha ulemu.

Angoni a Zwangendaba pamene anawoloka Zambezi mu 1835, dzuwa litadetsedwa usana, anali mtundu wathunthu wa anthu pa ulendo wosabwerera. Komabe ndikayika ngati panali banja limodzi pakati pawo limene linasenza katundu wofanana ndi wa mtsikana mmodzi wopita kukaphunzira unamwino pa mtunda wa makilomita 30 kuchokera ku Chipata, kumene amake angathe kumuyendera m'mawa ndi kubwerera dzuwa lisanalowe. Kondakitala wa minibasi akaona bokosi lija, zikwama ziwiri za ukwa zotupa mpaka zipi kulira, matiresi wopindidwa, ndi ndowa yodzaza mapoto, sakwiya ayi. Amamwetulira ngati munthu amene pemphero lake layankhidwa, nalipiritsa mipando itatu.

Chipinda chimene mwanayo amafikiramo n'chachifatso ndithu, chosadziwa kanthu za chikondi cha azakhali. Muli mabedi osanjikana, zenera, kabati kakang'ono ka munthu aliyense, ndi soketi ya magetsi imene onse ayenera kugawana. Lamulo losalembedwa la m'nyumba zotere ndi lakuti wofika msanga amasankha bedi lapansi, la kufupi ndi soketi, ndipo pamodzi ndi bedilo amalandira dziko lonse la kunsi kwake, kumene kungabisike chuma chambiri. Koma ndani amafika msanga? Ndi uja wa kachikwama kamodzi, amene anadumphira pa njinga yamoto m'bandakucha. Mwana wathu wolemera uja amafika dzuwa litapendeka, thukuta lili kamukamu, napeza kuti latsala bedi lam'mwamba lokha, limene kunsi kwake kulibe malo koma munthu. Kotero amakwera, nakweza thumba la nsawa kumiyendo, zikwatu kumutu, mapoto m'mbali, nagona mopindika pa kadera kotsalako. Ndipo pakati pa usiku, potembenuka monga anazolowera pamphasa ya kwawo imene ilibe malire, amatsika msangamsanga osadzera pamakwerero, kuti chikwaniridwe chonenedwa ndi makolo. Akuti ku yunivesite ya ku Lusaka, imene inatsegulidwa mu 1966, ana akhala akugonera awiriawiri pa bedi la munthu mmodzi chifukwa cha kuchepa kwa malo. Kumeneko bokosi la atsibweni likadayenera kulembetsa ngati wophunzira payekha.

Tsopano tifike kwa wotola zipatso. Iyeyu si wakuba, ndipo wondimva ine ngati ndikumuneneza wandimva molakwa. Ndi mtsikana wa chaka chachiwiri, waulemu, wa nkhope yowala, amene anagwapo chagada chaka chatha naphunzira. M'mawa kutacha amamudzutsa mnzake watsopanoyo ndi mawu okoma: "Pepani asisi, mwapweteka? Iii, katundu yenseyu mukugona naye pabedi? Bweretsani kuno, ndikusungireni pansi pa bedi langa, malo alipo." Mwana wathu misozi imalengeza poona kuti ngakhale kuchilendo Mulungu amautsa abale, napereka thumba la nsawa ndi botolo la chiponde m'manja mwa mlendo amene dzina lake sanalidziwe bwino. Yosefe anasunga tirigu wa Aigupto zaka zisanu ndi ziwiri, tirigu n'kukhalapo. Koma nkhokwe ya pansi pa bedi ili ndi machitidwe ena, pakuti zosungidwamo zimayamba kuphwa tsiku lomwelo, ndipo wosungayo akafunsidwa amadabwa pamodzi ndi mwini wake.

Pambuyo pake pamabwera obwereka. Woyamba amabwereka shuga wa tiyi mmodzi, wachiwiri sopo, wachitatu ndowa, ndipo sabata isanathe ndowayo imakhala itadziwa zipinda zonse za m'nyumbamo kuposa amatroni. Khasu lobwereka silikhala kuthyoka, anatero akale. Koma iwo anali ndi mwayi, chifukwa khasu lothyoka limabwerera kwa mwini wake, pamene nsimbi yobwerekedwa imangomveka mbiri yake kuti inaoneka Lachitatu ku chipinda cha kumapeto. Ndipo Lachisanu masana, pamene a Sabata akuthamangira kusita zovala zawo dzuwa lisanalowe, mwini nsimbiyo amaima pamzere ngati wina aliyense, napempha mwaulemu kuti amubwerekeko.

Kukana sangathe, pakuti analeredwa m'mudzi momwe dzina la womana limaposa la mfiti kuipa kwake. Ena amayesa nzeru: amagula loko, namangirira kiyi m'khosi, nadikira kuti anzawo agone, kenaka n'kufunda bulangeti kumutu ndi kuyamba kudya mumdima. Koma nsawa zokazinga sizisunga chinsinsi. Kukukuta kumodzi kokha, mawu amamveka kuchokera ku bedi lapansi, a munthu amene anali kuliza mkonono posachedwapa, akuti, "Mwana, ukudya chiyani?" Ndipo funso limeneli, monga adziwa aliyense wobadwira kuno, silifuna yankho la pakamwa.

Choposa zonse ndi pamene m'chipindamo mwagwera Mbemba wa ku Kasama kapena ku Mpika. Makolo a Angoni ndi a Abemba analasana mikondo kalelo, ndipo nkhondo itatha anasandutsa udaniwo chimbuya, chimene lero chakuta ife tonse a kum'mawa. Kotero Mbemba ali ndi ufulu wakutukwana iwe pamaso, kukutcha wodya makoswe, ndi kutenga chako uli kuona, iwe n'kumaseka, pakuti wokwiyira mbuya wake ndiye amasekedwa. Wotereyu sabwereka n'komwe. Amatsegula botolo la chiponde, nanyambita supuni, nadandaula kuti mchere wachepa. Chotonthoza chokha n'chakuti ifenso timawanena iwo kuti amadya anyani ndi apusi. Ndipo ndikaganiza bwino, ngati pansi pa mtengo uja panaima Mbemba, ndiye kuti sizipatso zokha zimene zinatoledwa tsiku limenelo, ndipo mwina n'chifukwa chake mwambiwo sunenanso kanthu za pusiyo atagwa.

Mbewa za ambuya zokha ndizo zimakhala mwamtendere masiku oyamba. Mnzake wa Sabata, amene adziwa chaputala 11 cha Levitiko pamtima, amazipenya chapatali ndi chisoni cha mbusa. Mbemba amaitana a zipinda zina kuti adzaone umboni wa zimene wakhala akunena. Ndipo mwini wake, pochita manyazi, amazikankhira kunsi kwa bokosi, nanena kuti sadziwa amene anaziikamo. Zimakhala momwemo kufikira usiku wina wa pakati pa mwezi, ndalama za pa foni zitatha, ndiwo za kukhitchini zitakhala kabichi masiku otsatizana, pamene mtsikana wina wa ku Katete amagogoda pachitseko, nanong'ona kuti wamva mphekesera. Awiriwo amatuluka panja mwakachetechete ngati opita kukapemphera.

Ndisawalakwire azakhali, pakuti tsiku lawo linafika. Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi a ku Kariba, magetsi anali kubwera maola owerengeka okha pa tsiku m'dziko lonse la Zambia, ndipo tizitofu tamagetsi ndi maketulo a ana a m'tauni zinasanduka zokongoletsa m'chipinda. M'masiku amenewo mwana amene anasekedwa polowa pachipata ndi mbaula m'manja anakhala munthu wamkulu, wopatsidwa moni ndi a chaka chachitatu. Koma taonani, ukulu wakewo unali wakuti iye ndiye agule makala, iye ndiye akoleze moto kuseri kwa nyumba, ndipo poto wake akhale womalizira kutereka, popeza mwini mbaula sangathawe nayo.

Pakutha pa masabata atatu bedi lam'mwamba lija limakhala lotakasuka, mwana n'kumagona motambalala, thumba la nsawa litasanduka chopondera pakhomo. Wanenepa ndi uja wa kachikwama kamodzi. Komabe, kunena zoona, pofika nthawi imeneyi onse a m'chipindamo amakhala akudyera mbale imodzi, akudzutsana pa mayeso, ndipo Mbemba yemwe uja ndiye amathamangira kukaitana amatroni mwana wathu akadwala malungo usiku, ali kumunyoza njira yonse kuti makoswe amubwezera.

Tsono Lamlungu madzulo foni imalira kumudzi, ndipo amake amaikweza mawu kuti onse a pakhonde amve. Mwana amapereka moni kwa aliyense monga mwa msinkhu wake, nafunsa za mbuzi ndi za dimba, ndipo pomalizira pake amanena motsitsa mawu kuti, "Amama, nsawa zija zinatha. Ndi ufa womwe." Munthu wanzeru akadafunsa kuti debe lathunthu latha bwanji m'masabata atatu m'mimba mwa mtsikana mmodzi wowonda. Koma azakhali amaomba m'manja kamodzi, natembenukira kwa amake mwana ndi nkhope ya mneneri amene mawu ake akwaniridwa, nati, "Mulamu, sindinanene ine kuti debe limodzi n'lochepa? Mawa mupite kuchigayo. Ulendo uno timutumizire awiri, ndi nkhuku yamoyo."