Kalumo ka mlendo kakufuna malisiti

Chiikireni UNESCO phiri la Mulanje pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2025, mwambi woti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa wandisowetsa mtendere. Alendo abwera, zimenezo n'zosachita kufunsa. Koma makolo ankanena mlendo wongotulukira madzulo, fumbi lili m'miyendo. Wa lero sanyamuka bungwe lisanamupatse ndalama, ndipo bungwe silitulutsa ndalama lisanaone fomu.

Mabungwe ake alipo. British Council ili ndi thumba loteteza chikhalidwe kuyambira 2016, ICCROM ya ku Rome imasula akatswiri osamala zinthu zamakedzana, African World Heritage Fund nayo ilipo ku South Africa kuyambira 2006. Maganizo ake ndi abwino: wakuno apite uko, wauko abwere kuno, asinthane nzeru.

Tiyeni ku Chongoni, ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula za pamiyala amene UNESCO inawazindikira mu 2006. Zojambula zofiira amati n'za Akafula. Zoyera n'za Achewa, za chinamwali ndi za gule. Mlendo akafika ndi kamera ndi timaburashi take, kalumo kake n'kakuthwadi. Anyamata akalemba mayina a zibwenzi zawo ndi makala pathanthwe la Chencherere, iye amadziwa kufufuta chikondicho osafufutira limodzi chojambula cha makolo. Pamenepo sinditsutsa.

Koma kusinthana ndiye kuti nafenso tikakhale alendo kwawo. Titumako yani? Wodziwa chimene zoyera zija zikunena ndi namkungwi wa m'mudzi wapafupi. Tiyeni tiwalembere fomu gogowa.

Dzina la bungwe lanu? Alibe. Imelo? Foni ndi ya mdzukulu, ndipo ili kotchaja. Mwagwira ntchitoyi zaka zingati? "Chiyambire nthawi ya Kamuzu." Bokosilo likufuna manambala. Tchulani amene anapindula ndi ntchito yanu. Gogo akuloza amayi onse a m'mudzimo, kuphatikizapo mayi a wolemba fomuyo. Kenaka funso lalikulu: zomwe mukudziwazi mudzazifalitsa bwanji kwa anthu ambiri? Apa gogo akumanganso duku. "Mwana wanga, za kutsimba sanena pabwalo." Ndiye kuti katswiri wathu wagwa mayeso chifukwa cha ukatswiri wake womwe.

Tingoyerekeza kuti fomu yadutsa. Kwatsala viza. Akufuna sitetimenti ya kubanki, pamene ndalama za gogo zili ku banki m'khonde, zotsala pamfundo ya chitenje. Akufunanso umboni woti adzabwerera kwawo. "Ndisiyire yani chimanga m'munda?" Umboni woposa umenewu ine sindiudziwa, koma ulibe chidindo.

Mapeto ake wokwera ndege ndi bwana wa ku ofesi, poti pasipoti yawo ili kale m'thumba. Amabwerako ndi jekete, zithunzi zoimirira pachipale chofewa, ndi alawansi yotsala yogulira malata. Ambiri amabwerakonso ndi luso lenileni, tisawanamizire. Kungoti Lolemba lake amapeza galimoto yopitira kumapanga ilibe mafuta, ndipo luso lija limathera mu lipoti. Lipotilo nalo silivomerezedwa popanda lisiti la kabaza.

Ine ndikadakhala wogawa ndalamazi, ndikadalipira womasulira woti azikhala pambali pa gogo, n'kuvomereza kuti funso lina aliyankhe ndi kukhala chete. Ndikadatumizanso alonda ndi operekeza alendo ku Kondoa ku Tanzania ndi ku Matobo ku Zimbabwe, kumene anzathu akulimbana ndi dzuwa ndi mvula zomwezi pamiyala yojambulidwa. Kumeneko basi imafika.

Tisaiwalenso kuti kalumo kena kamathwa mopitirira. Mu 1921, anthu okumba mgodi ku Broken Hill, kumene lero timati Kabwe ku Zambia, anapeza chigaza cha munthu wakalekale. Alendo anayenera kungometa, koma anachoka ndi mutu womwe. Mpaka lero chili ku Natural History Museum ku London, ndipo Zambia yakhala ikupempha kuti chibwerere. Pa akatswiri onse a kuno amene anapita kunja kukasinthana nzeru, palibe wakhalitsa ngati ameneyu. Viza sanamufunse, alawansi sanalandire, ndipo lipoti lake tikulidikirabe.