Njinga Ikazima ku Chipadze, Aliyense Ndi Makanika

Ku Bindura njinga yamoto imakhala ya mwini wake pokhapokha ikamayenda. Ikangozima pamsewu, makamaka pafupi ndi mashopu a ku Chipadze kapena ku Chiwaridzo, imasanduka katundu wa anthu onse. Mwini wake asanatsike n'komwe, wometa wasiya kale mutu wa munthu uli theka, osewera ntchuwa aimika masewera, ndipo wina wagwira kale chiwongolero ngati anathirapo ndalama pogula.

Si kuti anthu a kuno ndi achidwi kuposa a kwina ayi. Vuto n'lakuti ambiri amadziwadi makina. Tauniyi, yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 90 kumpoto chakum'mawa kwa Harare, inaleredwa ndi migodi: Trojan wa nikelo, ndi Freda Rebecca wa golide, womwe unayamba mu 1988. Trojan unaima mu 2008, unatsegulidwanso patapita zaka zingapo, ndipo mu 2024 boma linaika kampani yake, Bindura Nickel Corporation, m'manja mwa woiyang'anira wapadera. Mgodi ukaima, luso silitsalira pansi. Limakwera kumtunda n'kukakhala pakhonde la golosale, manja ali kuyabwa. Ambiri mwa madala a pakhondepo ndi ana ndi adzukulu a anthu amene anachoka ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Fort Jameson kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a Southern Rhodesia, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi. Gule wamkulu amavinidwabe m'makomboni, ndipo mkangano ukatentha Chishona chimatha, Chichewa n'kutulukira.

Njinga yomwe imawasonkhanitsa kawirikawiri ndi Honda CG125 kapena abale ake a ku China. A Honda anaitulutsa mu 1975 ataona mmene anthu a m'mayiko osauka amazunzira njinga: katundu wopyola muyeso, oyilo osasintha. Anapanga injini yopirira nkhanza. Mawaya okha ndiwo sanawapangire zaka 30 za fumbi, dzuwa ndi maenje.

Tsono nayu mnyamata wonyamulira katundu makorokoza, anthu okumba golide pawokha, walunjika kumigodi yawo ku Kitsiyatota ndi chigubu cha dizilo kumbuyo. Akukhota pamashopu, injini yangoti zii, osatsokomola n'komwe.

Woyamba kulankhula amakhala wa batire. Salephera kupezeka.

"Batire yatha iyi, achimwene."

Mnyamata akudina hutala, ikulira mpaka nkhuku kuthawa. Kanyali kobiriwira ka nyutulo kakuyaka bwinobwino.

"Ikulira, inde, koma mawu akewo ndi ofooka."

Palibe amene akumuuza kuti pa CG zambiri moto wa papulagi suchokera ku batire konse. Umachokera ku magineto amene amazungulira m'mbali mwa injini, n'chifukwa chake njingazi zimalira ndi kiki ngakhale batire itachotsedwa n'kupita kukayatsa wailesi kunyumba. Kumuuza zimenezi pagulu n'kupanda ulemu, pakuti ndi wamkulu ndipo ndiye wafika poyamba.

Kenako thanki. Aliyense ayenera kuigwedeza yekha n'kutchera khutu, chifukwa kukhuvula kwa petulo kumene wamva mnzako si umboni. Akagwirizana kuti mafuta alimo, amayamba kukayikira kumene anagulidwa.

Fyuzi ndiyo imaulula mbiri ya njinga. Akatsegula kachivindikiro ka m'mbali, apeza kagalasi katakulungidwa ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, ntchito ya komiti ina yomwe inakhalapo chaka chatha pa msewu wa ku Shamva. Fyuzi inapangidwa kuti izipsa yokha, mawaya apulumuke. Pepala la fodya limapulumuka lokha, mawaya n'kupsa. Koma pagulupo palibe wodzudzula. Amalipatsirana, kuliyamikira kuti anakulunga mwaluso, n'kulibwezera pomwe linali.

Papulagi m'pamene nzeru zimayamba kuoneka pang'ono. Aimasula, aibweza m'chipewa chake, aigunditsa kuchitsulo cha injini, wina aponda kiki. Payenera kuthetheka kamoto kabuluu. Palibe. Koma ena akuti dzuwa lachuluka, kamotoko sikangaoneke, ndiye pakufunika njira ya makolo. Amaitana kamnyamata kamene kamangoonerera.

"Iwe, tagwira waya uyu. Usaope."

Kiki yapondedwa. Mwana sanadumphe. Gulu lakhumudwa pang'ono, koma tsopano zadziwika: moto sukufika.

Apa m'pamene khalidwe la m'tauni limaonekera poyera. Matenda a njinga amalemekezedwa molingana ndi mtengo wake. Wonena kuti mwina kawaya kena kakhudza chitsulo amamuyang'ana ngati wabwera kuukwati ndi patapata. Wonena kuti koyilo yapsa amamumvera. Wotchula CDI, zilembo zitatu zonse, amamupatukira kuti afike kutsogolo. Wonena kuti magineto onse afa ndipo pafunika kuitanitsa ku Harare, ameneyo ndiye dokotala, ndipo mwamwayi mlamu wake ali ndi shopu ya zitsulo kuseri kuno. Mitengo yonse imatchulidwa m'madola a ku America. ZiG, ndalama ya Zimbabwe yomwe inabwera mu April 2024, imadikira nthawi ya tchenji. Wina amaponyapo nthabwala yoti kampani ya magetsi ya ZESA yayamba kuzimitsanso njinga, anthu n'kuseka ngakhale anaimva dzulo. Mayi wogulitsa tomato, yemwe wakhala chete nthawi yonseyi, amangofunsa mwakachetechete ngati mnyamatayo sanayambane ndi munthu posachedwapa.

Pakhonde patsala mdala mmodzi amene sanadzuke. Anali wa zamagetsi ku Trojan, ndipo munthu amene anasamalira makina okweza anthu kuchokera pansi pa mgodi sathamangira njinga. Amadikira kupemphedwa, ndipo kupemphako kuli ndi mwambo wake. Mnyamata avule chipewa, apereke moni, anene kuti ndi mwana wa yani, agogo ake anachokera kuti, ku Dedza kapena ku Ntcheu. Zikatha izi mdala amaitanitsa mita yoyezera magetsi, akudziwa bwino lomwe kuti palibe amene ali nayo. Amafuna kuti gulu limve kuti chinthu chotero chiliko.

"Inazima ukutani, mwana wanga?"

"Ndimakhota, agogo."

"Kumanja kapena kumanzere?"

Ndi mafunso oyamba tsiku lonse amene afunsidwa kwa mwini njinga. Mdala akupinda chiwongolero uku ndi uku, maso ali pakhosi pa njinga, pamene mtolo wa mawaya umatsika kuchokera kunyali kulowa pansi pa thanki. Pamenepo mawaya amapindika nthawi iliyonse njinga ikakhota. Thepi yakale yauma n'kusweka, ndipo chitsulo cha felemu chikunyezimira pomwe chakhala chikukhuzidwa. Akukanda ndi chikhadabo, kawaya kakuda ka mzere woyera kaonekera, mkuwa uli pamtunda.

A Honda ali ndi mitundu yawo ya mawaya: wobiriwira umapita kuchitsulo, wofiira umachokera ku batire, ndipo wakuda wa mzere woyera ndiwo wozimitsira. Ukatembenuza kiyi kuti uzimitse, kiyiyo imangogunditsa waya umenewu kuchitsulo, moto wa CDI n'kuthawira pansi. Waya ukaperepeseka n'kugunda felemu wokha, njinga imamva ngati mwini wake waizimitsa. Hutala imalira, nyali imayaka, pulagi ili duu.

Mdala akutulutsa kampeni ka Okapi, akudula wayawo pafupi ndi kabokosi ka CDI. Kiki imodzi, injini yalira.

Chisangalalo chake chimagawidwa mofanana. Wa koyilo akuti ananena kale kuti ndi za magetsi. Wa CDI akuti wayawo umapita ku CDI, ndiye sanalakwe. Wa batire akulangiza kuti agulebe ina. Mayi wa tomato akuti waya superepeseka wokha popanda woutuma.

Kukonza kwenikweni n'kuchotsa thanki, kulumikiza waya watsopano, kukulunga thepi n'kumanga mtolowo kutali ndi chitsulo. Mdala akunena zimenezi kawiri. Koma dizilo akudikiridwa ku Kitsiyatota, thepi palibe, ndipo njinga yolira siimvera malangizo. Mnyamata akugulira agogo chakumwa, anthu ena asanu n'kuima pafupi mosonyeza kuti nawonso anagwedeza thanki.

Chatsala n'chakuti njingayo tsopano siizima ndi kiyi. Akafika ayenera kulowetsa giya, kuponda buleki n'kusiya kilatchi kuti injini itsamwe. Komanso imalira popanda kiyi, kwa aliyense amene angaponde kiki. Anthu onse amene anali pamashopupo amulonjeza kuti sauza munthu. Pofika madzulo, nkhani yafika kale kukomboni ya ku Trojan, pamodzi ndi mtundu wa njinga ndi nyumba imene imagona.